Filimu ija ndaseka, koma yabisa munthu mmodzi

Lamlungu madzulo magetsi atazima tinakhala pakhonde ndi mwana wa achemwali anga, wa Fomu 2, n'kumaonera pafoni kafilimu koseketsa kamene mnyamata wina wa pa Chitakale anandiikira. Ndi nkhani ya mtsikana wasukulu amene watenga mimba ndipo akuyesetsa kubisa. Akumanga pamimba ndi chitenje mkati mwa yunifomu, akudya mango aawisi ndi mchere kuseri kwa kalasi, amayi ake akamufunsa akuti ndi malungo.

Ndisaname, ndinaseka mpaka misozi. Makamaka pamene amalume ake ananyamuka ndi ukali wonse kukamutula mtsikanayo kwawo kwa mnyamata, atafika n'kupatsidwa thobwa, mlandu wonse n'kuiwala. Amalume oterewa tili nawo kuno ku Mulanje, musatsutse.

Chimene chandikhala kukhosi ndi mwini mimbayo. Mufilimumo ndi kamnyamata ka m'kalasi momwemo, kamantha, kopanda ndi ndalama ya chitumbuwa yomwe, kongothamangitsidwa m'minda ya tiyi ife n'kumaseka. Koma atsikana amene ine ndawaona akusiya sukulu m'mudzi mwathu, ambiri sanachimwitsidwe ndi anzawo. Ndi abambo akuluakulu: wa njinga yamoto amene amamunyamula ulere popita kusukulu, wa golosale, wina amene tsiku la malipiro kuesiteti amamugulira sopo ndi mafuta odzola. Ameneyo ali ndi mkazi ndi ana pakhomo, kutchalitchi amakhala mpando wakutsogolo. Opanga filimu anamuopa. Anasankha kutiseketsa ndi mimba ya mwana, wamkulu uja n'kumusiya ali phee.

Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Ndiye mundiuze kuti onsewo ndi ntchito ya tianyamata ta Fomu 2? Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18, komabe nkhani zotere zimathera pabwalo, munthu alipira mbuzi kapena kandalama, basi yatha. Mtsikana ndiye atsale nazo.

Kumapeto kwa filimu anaonetsa mtsikana uja atavalanso yunifomu, akumwetulira, nyimbo ikulira. Zoona, boma linalola kuyambira 1993 kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu, ndipo ena amabwereradi. Ine ndinati eya, koma apa achita bwino.

Mwana wa achemwali uja, amene anangokhala duu nthawi yonse imene ine ndimaseka, anandifunsa kuti, “Mayi aang'ono, nanga akamapita kusukuluko, khandalo akumamusiyira ndani? Mnzanga uja anabwera sabata imodzi yokha.”

Ndinabweza filimu m'mbuyo kuti tione bwino. Sanaonetse.