Mayi wa khandayo musamunyoze chonde

Nkhani ya banja la ku America lomwe latenga khanda kuti lilere, loti mayi ake omubereka ankamwa mankhwala a methadone ali oyembekezera yandikhudza, ine ndine namwino kuno ku UK mbali ya makanda ndiye ana oterewa ndimawaona. Ena mukuti mayi womuberekayo ndi wankhanza, ayi abale, methadone ndi buprenorphine amapereka ndi madokotala kuti munthu asiyane ndi mankhwala ozunguza bongo ngati heroin, ndipo kungosiya mwadzidzidzi uli ndi pakati nkoopsa, pathupi patha kupita padera kapena munthu kubwereranso ku zogula mumsewu zija. Anachita bwino kumwa mankhwalawo ameneyo.

Khanda limabadwa thupi litazolowera mankhwala, nde pakatha masiku 2 kapena 3 limayamba kunjenjemera, kulira mokuwa kosatonthozeka, kuyetsemula, kutsegula mmimba, kuyamwa movutikira, tulo osabwera, nchifukwa chake salitulutsa msanga mchipatala. Pali fomu ya Finnegan ija yochongapo zizindikiro, koma pano zipatala zambiri ku America akungoyang'ana zitatu basi, akudya? akugona? akutonthola? Zikavuta amampatsa morphine pang'ono nkumachepetsa pang'onopang'ono.

Koma chothandiza kwambiri ndi chomwe timachidziwa kale kwathu, kangaroo, mwana pachifuwa khungu kwa khungu, kumukulunga bwino, chipinda chopanda phokoso magetsi osawala kwambiri. Obwera kudzaona mwana adikire kaye, asakwiye. Amayi inu mwatenga mwanayu konzekani kuchezera usiku masabata angapo, ndipo masiku okamuonetsa kwa dokotala musamajombe ngakhale akuoneka kuti wachira.