Sitima zamagetsi: South Africa inanyamula anthu, Zimbabwe inanyamula katundu

Aliyense amene anakhalako ku Joni kapena ku Cape Town amazidziwa sitima zotuwa ndi zachikasu za Metrorail. Zambiri ndi za mtundu wa 5M2A, ndipo ndi nkhalamba ndithu. Zoyambirira zinachokera ku Metro-Cammell ku Britain mu 1958, kenako kuyambira 1962 mpaka 1985 ankazipanga ku South Africa konko, m'tauni ya Nigel, pa fakitale ya Union Carriage & Wagon.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi kapangidwe kake. Sitimayi ilibe mutu wokoka. Mamota ali pansi pa mabogi ena, ndipo amalandira mphamvu ya mavolti 3,000 kuchokera ku waya wam'mwamba. Ndiye chifukwa chake imanyamuka mwachangu, n'kuima pa siteshoni iliyonse osataya nthawi. Ikafika kumapeto sitembenuka, dalaivala amangotsika n'kupita kumbali inayo.

Koma m'kati mwake muli mbiri yowawa. Mabogi otsika mtengo ali ndi mipando yaitali yotsamira kukhoma, pakati n'kusiya malo oti anthu aimirire mopanikizana atagwira zogwirira. Boma la tsankho linkafuna antchito akuda m'tauni masana okha, madzulo abwerere ku Soweto, Mamelodi kapena Langa. Njanjizi zinatumikira cholinga chimenecho. Komabe anthu anazisandutsa zawo: bogi ina mumapeza mlaliki ndi nyimbo, ina wogulitsa zipatso.

Kutsidya kwa Limpopo anayenda njira ina. Mu 1983 Zimbabwe inamanga mawaya kuchokera ku Harare kukafika ku Dabuka, pafupi ndi Gweru, mtunda woposa makilomita 300. Anasankha mavolti 25,000, luso latsopano kuposa la sitima za Metrorail zija. Koma magetsiwo anali a mitu yokoka katundu ndi sitima zamtunda wautali. Njanji yopita ku Chitungwiza, tauni yoyandikana ndi Harare, imene yakhala ikukambidwa kuyambira zaka za m'ma 1980, sinamangidwe. Pamene mayendedwe anavuta mu 2001, sitima yonyamula anthu yotchedwa "Freedom Train" ya ku Mufakose, mumzinda wa Harare, inkakokedwa ndi mutu wa dizilo. Pofika 2008 akuba anali atayamba kale kusolola mawaya, ndipo sitima zamagetsi zinaima.

Apa ndi pamene ndimaona kuti Zimbabwe inaphonya. Waya amene sanyamula anthu tsiku ndi tsiku akabedwa, palibe womulirira. South Africa nayo inaberedwa koopsa, makamaka mu 2020 nthawi ya Covid-19, mpaka masiteshoni ena anatsala zipupa zokha. Koma anthu a ku Mabopane, pafupi ndi Pretoria, ndi a ku Khayelitsha ku Cape Town anamva kupweteka m'thumba, chifukwa matakisi ndi okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi tikiti ya sitima. Boma linakakamizika kukonzanso njanji, ndipo sitima zabuluu zimene kampani ya Gibela ikupanga pafupi ndi Nigel pomwepo zikulowa m'malo mwa nkhalamba zija pang'onopang'ono. Ku Harare wa ku Chitungwiza akadaimabe pamzere wa makombi.