Chapa imathera pamene pathera phula: Tete atengepo chiyani kwa Malawi ndi Zambia?

Kalembera wa 2007 adapeza anthu pafupifupi 156,000 mumzinda wa Tete, kuno ku Mozambique. Pofika 2017 anali atapitirira 300,000. Malasha a ku Moatize ndiwo adakoka khamu lonseli, ndipo pakati pake pali abale athu ambiri ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, amene adatsika kumapiri kudzasaka ntchito n'kudzapeza pokhala ku Matundo ndi ku Chingodzi, madera a mzindawu. Anthu adachuluka kawiri, koma misewu yoti galimoto n'kulowa m'mabairo, madera okhalamo anthu, sidachuluke nawo. Chapa, minibasi yonyamula anthu, imayenda mumsewu waukulu wa N7 ndi m'misewu ingapo ya phula. Wokhala mkatikati mwa bairo amayamba wayenda pansi, kapena walipira njinga yamoto kapena chopela, ya matayala atatu, kuti akafike pa paraje, pokwerera chapa, kenako n'kudzalipiranso chapa. Ulendo umodzi, ndalama kawiri.

Ife tikuona kuti vuto la mayendedwe ku Tete lidayambira pa kagawidwe ka malo. Mutagula mabasi atsopano lero, akaima pomwe chapa ikuima, chifukwa kupitirira pamenepo kulibe njira. Ndiye tiyambe ndi malo, pakuti apa m'pamene maiko atatuwa, Mozambique, Malawi ndi Zambia, adayenda mosiyana kwenikweni.

Kuno kwathu nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limati munthu wa dziko lino amene wakhala pamalo zaka 10 mosabera wina ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene umatchedwa DUAT, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa pakamwa wa anansi umamveka. Lamuloli ndi labwino kwa wosauka. Koma m'tauni pepala lenileni silituluka bairo isanajambulidwe mapu ake, ndipo anthu sadikira mapu. Wina amadula talyau, puloti yake, pakati n'kugulitsa "nyumba ndi mitengo", wogulayo amamanga mpanda mpaka m'njira, mnzake wa kutsidya nayenso chimodzimodzi. Pakatha zaka zisanu, njira imene inkadutsa ngolo imasanduka kampata kamene ngakhale bokosi la maliro amachita kulipendeketsa.

A Malawi adayamba ndi kudula mapuloti anthu asanafike. Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo pambuyo pake makhonsolo a mizinda, ankapima malo, kusiya misewu, kuika mpopi wa onse, n'kumuuza munthu kuti manga ndi zimene uli nazo, zidina kapena njerwa zootcha. Ku Zingwangwa ndi ku Chilomoni mu Blantyre, ku Kawale ndi ku Area 25 mu Lilongwe kudayamba motero, ndipo mpaka lero minibasi imafika m'madera amenewa. Chidalakwika n'chakuti mapuloti adasiya kutuluka mokwanira anthu akuchulukirabe. Otsalawo adapita kwa mafumu a m'mphepete mwa tauni, napatsidwa malo m'madambo ndi m'mapiri. Zimene zidachitika ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy adagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu, gwero lake lili pomwepo. Kudula mapuloti kumathandiza pokhapokha kukamathamanga kuposa anthu obwera.

A Zambia adavomereza kuti makomboni alipo ndipo sachoka. Lamulo lawo la 1974 lidalola khonsolo kulengeza komboni kukhala dera lokonzedwa, n'kupereka kwa mwini nyumba chikalata chokhalira pamalopo zaka 30, popanda kudikira kuti puloti iliyonse ipimidwe ndi akatswiri. Ku George, Chawama ndi Chaisa mu Lusaka adatsegula misewu ndi kuika mipopi anthu ali momwemo, ndipo amene nyumba zawo zidagwera mumsewu adapatsidwa malo m'mphepete mwa komboni yomweyo. Mfundo yomalizayi ndiyo tikufuna ilowe m'mutu mwa aliyense ku munisipiyo, khonsolo ya mzinda wathu. Ife a m'chigawo chino tikudziwa zotsatira za kusamutsira munthu kutali. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja opitirira 1,300 adachotsedwa pamalo a mgodi wa malasha, ambiri n'kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, kutali ndi msika, ndi mtsinje, ndi dothi limene ena ankaumbira njerwa. Mu Januwale 2012 anthuwo adatseka njanji. Wochotsedwa chifukwa cha msewu wa m'bairo asapite kopitirira pamene mwana wake angayende pansi kukafika kusukulu yake yakale.

Chimene Tete ali nacho choposa anzakewa ndi ndondomeko ya m'bairo: sekeretale wa bairo, mkulu wa kwateirau (kagawo ka bairo), mkulu wa nyumba khumi. Anthu amenewa amadziwa amene adafika liti ndi amene adasuntha mpanda usiku. Ntchito yotsegula msewu iyambire kwa iwo, ndipo si yachilendo m'dziko muno, idachitikapo ku Maxaquene mu Maputo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Kachitidwe kake nkotere. Musafune kuwongola njira zonse. Sankhani msewu umodzi wolowa m'bairo n'kukatulukira kwina, kuti chapa izizungulira m'malo mobwerera chambuyo, ndipo muusankhe kuti nyumba zambiri zikhale pa mtunda wosapitirira mamita 500 kuchokera pamsewuwo, ulendo wa mphindi 6 kapena 7. Msewu umenewu umafuna malo a mamita 12: mamita 6 oti chapa ziwiri zipishanirane, mita imodzi ya ngalande mbali iliyonse, otsalawo a anthu oyenda pansi, mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi a EDM. Njira zina zonse mamita 3 kapena 4 akwana, bola ambulansi ilowe. Tsatani njira imene anthu akuyenda kale ngakhale ikhale yokhotakhota, chifukwa mzere wowongoka wa pamapu umadya nyumba zambiri, pamene njira yakale nthawi zambiri imangodya mipanda ndi zimbudzi. Mukagwirizana, zikani zikhomo za simenti tsiku lomwelo, eni malo akuona, ndipo mayina alembedwe. Zikhomo zamitengo zimathera pamoto sabata isanathe. Pepala la DUAT liperekedwe kwa amene wabweza mpanda wake, kuti aone chimene wapindula.

Kenako madzi a mvula, phula lisanatchulidwe n'komwe. Tete ndi kouma, koma mvula yake ikabwera imagwa yambiri nthawi imodzi pa nthaka yamiyala yosamwa madzi, ndipo msewu watsopano ndiwo umasanduka mtsinje. Ngalande ikumbidwe kuyambira kumunsi kumene madzi akatayikire, kukwera chakumtunda. Ambiri amayambira kumtunda, ndalama n'kuthera pakati, madzi onse n'kukathira m'nyumba za anthu amene kale sankawaona. Ngalandeyo itsike sentimita imodzi pa mamita 2 alionse, kuchepera apo mchenga umakhazikika. Pamalo otsetsereka kwambiri muike timakoma ta miyala mopingasa ngalande kuti madzi azifika atafooka. Paipi yodutsa pansi pa msewu isachepere masentimita 60 m'mimba mwake, ndipo ya 90 ndiyo yabwino popeza munthu amatha kulowamo ndi fosholo. Yocheperapo imatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo mvula yoyamba.

Pamwamba pake ife tikusankha pave, timiyala ta simenti toyala pamsewu, osati phula. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kumafewetsa phula lopyapyala pamene galimoto zimaima ndi kunyamuka. Pave wa msewu wa chapa akhale wokhuthala masentimita 8, pa mchenga wa masentimita 3, pamwamba pa maziko a gelevulo otsenderedwa bwino a masentimita 15. Timiyala ta masentimita 20 kwa 10 timalowa 50 pa sikweya mita imodzi. Pakati pa msewu pakwere masentimita 8 kapena 9 kuposa m'mbali kuti madzi asaime. Pave akaphwasuka, kawirikawiri sichikhala chifukwa cha timiyalato. Amakhala kuti sadamange mzere wa konkire wogwira m'mphepete, kapena sadathire mchenga wosefa m'mipata n'kutsenderanso, ndiye chapa ikakhota timiyala timamwazikana kuyambira kunja. Ubwino wake wina ngwakuti paipi ikaphulika mumazula, kukonza, n'kubwezeretsa omwewo, ndipo ntchitoyo anyamata a m'bairo momwemo amaitha.

Msewu ukatseguka, funso n'lakuti ziziyendamo bwanji. Galimoto zake ndi zimodzimodzi m'maiko onse atatu, Hiace zakale zochokera ku Japan. Kusiyana kuli pa mtengo. Ku Malawi mtengo wa minibasi umayenda ndi nthawi: m'mawa wina, masana wina, mvula ikagwa madzulo kondakitala amatchula umene wafuna. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo oitanira, ngakhale adaletsedwa, amatengabe yawo pa galimoto iliyonse yodzaza. Mayi wogulitsa tomato ku Limbe sangadziwe m'mawa kuti ya thiransipoti asunge zingati. Kuno mtengo umakambidwa ndi munisipiyo pamodzi ndi eni chapa n'kulengezedwa, ndipo chimenechi tisachitaye. Koma chili ndi nthenda yake. Mafuta akakwera mtengo wa chapa uli pomwepo, dalaivala amadula ulendo pakati: kobradori, yemwe ndi kondakitala, amalengeza kuti galimoto yathera pano, inu mutsike, mukwerenso ina, mulipire kachiwiri. Boma limaopa kukweza chifukwa likukumbukira zipolowe za ku Maputo za pa 5 Febuluwale 2008, zimene zidabuka mtengo wa chapa utakwera. Mankhwala ake ndi awiri ndipo amayendera limodzi. Njira ya chapa ilembedwe ndi penti kutsogolo ndi kumbuyo, woyang'anira aime pakati pa njirayo pamene amakonda kutsitsira anthu, osati kumapeto. Ndipo mtengo uziunikidwa pang'onopang'ono mafuta akasintha, monga RTSA, bungwe la boma loona za mayendedwe a pamsewu, imachitira ku Zambia, osati kudikira zaka n'kudzakweza kamodzi mopweteka.

Kwa a Zambia tiphunzireponso choipa. Lamulo lawo limapereka masiteshoni a basi ndi misika m'manja mwa makhonsolo, koma kwa zaka zambiri anyamata a zipani ndiwo ankatolera ndalama kumeneko, mpaka boma lidalamula mu 2021 kuti achoke. Siteshoni yopanda lisiti imapeza mwini wake msanga.

Tsopano mlatho, umene Blantyre, Mzuzu ndi Chipata alibe. Tete ndi mzinda wodulidwa pakati ndi Zambezi, ndipo kupita ku Moatize, makilomita pafupifupi 20, muwolokanso mtsinje wa Revúbuè. Mlatho wa Samora Machel wa 1973 uli ndi kanjira kamodzi kopita, kamodzi kobwera. Wa Kassuende, umene udatsegulidwa mu 2014 kumunsi cha ku Benga, udachotsa mathiraki a kumalire a Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza pakati pa tauni, koma wogwira ntchito wa ku Matundo sangazungulire kumeneko. Tiyerekeze kuti chapa imatenga mphindi 90 kupita ndi kubwera, ndipo mukufuna kuti pa paraje pazifika imodzi mphindi 5 zilizonse: pafunika chapa 18. Mzere wa pamlatho ukawonjezera mphindi 30, pafunika 24 kuti zinyamule anthu omwewo, ndipo 6 zowonjezerazo zikukaimanso pamlatho pomwepo. N'chifukwa chake pa njira imodzi yokhayi, Tete mpaka Moatize, basi yaikulu ili ndi nzeru: ya anthu 60 imalowa m'malo mwa chapa 4. Koma izinyamuka pa nthawi yake, yodzaza kapena ayi, ndipo ndalama za matayala ndi zipangizo zipatulidwe tsiku logula basiyo. Malawi adali ndi mabasi a m'tauni nthawi ya makampani a mabasi a UTM ndi Stagecoach, lero adatsala m'nkhani za akuluakulu. Chapa zisathamangitsidwe, zipatsidwe misewu ya m'mabairo ija kuti zizitula anthu ku basi. Ndipo aliyense wokonza mapulani akumbukire Januwale 2022, pamene namondwe Ana adagwetsa mlatho wa pa Revúbuè: msika, chipatala ndi sukulu zikhalepo tsidya lililonse, kuti kuwoloka kusakhale kwa tsiku ndi tsiku kwa aliyense.

Za njinga zamoto tinene mwachidule. Madokotala a mafupa ku Malawi akhala akudandaula ndi kuchuluka kwa ovulala pa kabaza, ndipo ife tikulowera komweko. Kuziletsa sikutheka pamene chapa siifika. Chotheka ndi siteji yodziwika pakhomo pa bairo, jekete ya nambala, zipewa ziwiri, wokwera mmodzi. Ku Chipata msewu waukulu wa m'tauni uli ndi kanjira ka njinga pambali, ndipo N7 kuchokera pamlatho kukafika ku Chingodzi ikufunika kotero.

Paraje yeniyeniyo isaiwalike. Ikhale ndi pokhotera pa mamita 3 kunja kwa msewu, potalika mokwana chapa ziwiri, ndipo iikidwe mutangodutsa mphambano, osati musanafike, kuti woima asatseke maso a wokhota. Denga la malata lotsika limawotcha kuposa dzuwa lenilenilo, choncho likwere mamita 3, m'mbali mukhale mopanda khoma, ndipo kumadzulo kwake mubzalidwe nimu kapena msawu wotchingidwa ndi waya kuti mbuzi zisadye. Amayi ogulitsa adzabwera ndithu, chifukwa pamene paima anthu ndi pamene pali malonda. A Malawi adawathamangitsa m'misewu mu 2006 pa Operation Dongosolo, ndipo adabwerera. Asiyireni mamita 2 kuseri kwa denga, kutali ndi matayala, muwalembe mayina, ndipo mugwirizane nawo kuti ngalande ya pamalopo azichotsamo zinyalala ndi iwowo, makamaka mu Okutobala mvula isanagwe.