Madzi akumwa asakhale mumgolo umodzi ndi ochapira

Kuno ku Blantyre madzi timasunga ndithu, koma ambiri timasunga molakwika. Mgolo umodzi pakhonde, momwemo mukutungidwa osamba, ochapira ndi akumwa omwe, potungira pake kapu yomwe mwana wangoitola pansi. Ine ndikuti madzi akumwa azikhala paokha, m'zigubu zotseka, momwe dzanja silingalowe.

Vuto la madzi silikutha mawa. Madzi ambiri a Blantyre Water Board amachokera mu Shire ku Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa chokwera mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kudzera ku Chileka. Magetsi akathima kumeneko kapena paipi yaikulu ikaphulika, mipopi imauma, ndipo madzi akabwerera, okhala kumtunda ndiwo amalandira pomaliza.

Werengerani malita 4 pa munthu aliyense patsiku, akumwa ndi ophikira basi, kwa masiku atatu. Banja la anthu 6 likufunika malita 72, ndiye kuti zigubu zinayi za malita 20. Ngati muli mayi woyamwitsa, wodwala, kapena ndi nyengo yotentha ya Okutobala, onjezani chigubu china.

Pa chigubupo ndi pomwe ambiri amagwa. Chomwe munakhalapo petulo, parafini kapena mankhwala a kumunda chisiyeni, ngakhale mutachitsuka kangati, chifukwa pulasitiki imamwa zinthu zimenezi. Zachikasu za mafuta ophikira zija ndi zabwino, bola mafuta atheretu. Tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda mpaka kutelera kuthe, osaiwala chitsekero. Kenako thirani supuni yaing'ono ya Jik wosanunkhiritsa mu lita imodzi ya madzi, khutchumulani kuti afike paliponse, mutaye, mutsukuluze. Mafuta otsalira amatha mphamvu ya klorini, mankhwala opha tizilombo omwe amakhala m'madzi a pampopi, ndipo tizilombo timapezamo chakudya. Nchifukwa chake madzi ena amanunkha patangopita sabata.

Dzazani tsiku lomwe madzi akutuluka oyera, osati mwamva kale kuti kwa aneba asiya. Tsekani zolimba, lembani tsiku pachigubupo, muike pamthunzi m'nyumba, kutali ndi parafini. Padzuwa klorini amatha msanga ndipo ndere zimamera. Chigubu chotsukidwa bwino, chosatsegulidwa, chimatha kusunga madzi a pampopi mpaka miyezi 6, koma ndi kutentha kwa kunoku ine ndimalangiza kusinthanitsa mwezi uliwonse: akalewo chapirani, mudzazenso atsopano. Chomwe mwatsegula chithe kaye musanatsegule china, ndipo muzichita kutsanula, osati kuviikamo kanthu.

Zigubu zikatha mwakatunga pachitsime kapena mwagula kwa ogulitsa m'njira, musanyengedwe ndi kuyera kwa madziwo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inativutitsa mumzinda uno, ndipo tizilombo take sitioneka ndi maso. Thirani mankhwala a klorini a WaterGuard kachitsekero kamodzi m'malita 20, tiwiri ngati madzi ndi akuda, mudikire mphindi 30 musanamwe. Akuda kwambiri ayambe adikha, musefe ndi nsalu yoyera. Ngati mankhwala palibe, wiritsani mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Makala ndi odula, inde, koma owiritsa ndi akumwa okhawo, osati mgolo wonse.

Mgolowo ukhale wa kuchimbudzi ndi zochapa, ndipo uzivundikiridwa nthawi zonse. Udzudzu umaswanamo, komanso mwana wamng'ono akhoza kugweramo chamutu.

Madzi akasiya, tsekani mipopi yonse, kuopa kudzapeza nyumba itasefukira atabwera usiku. Ndipo akabwera, oyambawo asalowe m'chigubu cha akumwa. Paipi ikakhala yopanda madzi imayamwa zonyansa za panja kudzera m'malo odontha, makamaka pomwe yadutsa m'ngalande. Asiyeni atuluke m'ndowa mpaka ayere, amenewo mukolopere, kenako mudzaze zigubu.