Musanagule mabuleki akuluakulu, yambani mwaona mabawuti a tayala

Anzanga okonda magalimoto, pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Munthu amasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule malimu onyezimira ndi ma caliper (zitsulo zofinya mapadi pa disiki ya buleki) ofiira, koma ikafika nkhani ya mabawuti ogwira tayalalo amangoti "ndipatseni aliwonse olowa." Maganizo anga ndi akuti ndalama yoyamba izipita ku tizitsulo tosaonekati, chifukwa buleki ngakhale ikhale yamphamvu bwanji imadalira tayala lomwe lidakali pa galimoto.

Ambiri amaganiza kuti galimoto imakhalira pa mabawutiwo. Si choncho kwenikweni. Ntchito ya bawuti ndi kufinya limu pa habu (chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo) mwamphamvu kwambiri, ndipo kufinyako ndi kumene kumanyamula katundu. Bawuti ukamangidwa bwino umatamuka pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso, n'kukhala chikokere. Kufinyako kukachepa, limu limayamba kusuntha, bawuti n'kumapindidwira uku ndi uku tayala likamazungulira, mpaka chitsulo chitatopa n'kuduka. Umodzi ukaduka, otsalawo amasenza katundu woposa muyeso ndipo amatsatira msanga.

Tsono taonani nambala imene imadindidwa pamutu pa bawuti. Mukaona 8.8, chimenecho ndi chitsulo chabwino pa ntchito zambiri, koma mabawuti a matayala ambiri amakhala a 10.9, amene amapirira kukokedwa kwambiri kuposa a 8.8. Bawuti wopanda nambala iliyonse, wosadziwika amene anaupanga, ine sindingaulole pa tayala. Ena amathamangira 12.9 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. Chitsulo chimenecho n'cholimba zedi, koma chimakhala chosavuta kusweka mwadzidzidzi chikakumana ndi dzimbiri kapena chikakutidwa molakwika ku fakitale. Tsatirani zimene opanga galimoto anaikamo.

Mazinga nawo amasiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Toyota, Honda, Mazda ndi Mitsubishi zambiri zimagwiritsa ntchito M12x1.5 (bawuti wonenepa mamilimita 12, wa mazinga otalikirana mamilimita 1.5), pamene Nissan ndi Subaru zambiri ndi M12x1.25. Pamaso zimaoneka zofanana. Nati wa Nissan pa bawuti wa Toyota amalowa kamodzi kapena kawiri kenako n'kulimba, munthu n'kuganiza kuti ndi dzimbiri chabe, n'kukakamiza ndi sipanala. Mazinga atha pamenepo. Nati woyenera amayenera kuyenda ndi zala zokha maulendo angapo musanagwire sipanala. Magalimoto ngati Volkswagen, Audi, BMW ndi Mercedes-Benz ali ndi kachitidwe kena: bawuti ndi amene amalowa m'habu, ndipo pa Volkswagen ndi Audi zambiri ndi M14x1.5.

Koma chimene ndimafuna kutsindika kwambiri, chifukwa anthu sachilabadira n'komwe, ndi pamene nati amakhalira pa limu. Pali manati osongoka a madigiri 60, pali obulungira, pali aphwatalala okhala ndi washa. Malimu a aluminiyamu ochokera ku Toyota komweko nthawi zambiri amafuna aphwatalala a washa. A Honda, Volkswagen ndi Audi amafuna obulungira. Malimu ogula padera ambiri amafuna osongoka. Mukaika nati wobulungira m'bowo losongoka, amangokhudza pa kamzere kakang'ono m'malo mokhala thupi lonse. Sipanala imakuuzani kuti zalimba, koma mukayenda pang'ono aluminiyamu wa pa kamzereko amaphwanyika ndipo nati amakhwefuka. Ndiye mukasintha malimu, funso loyamba likhale la manati, osati la mtundu wa penti.

Mukagula malimu okhuthala kapena kuika ma spacer (zitsulo zoikidwa pakati pa habu ndi limu kuti tayala lituluke kunja), yezaninso utali. Lamulo lomwe amakaniko ambiri amatsatira ndi lakuti mazinga ogwira asachepere kunenepa kwa bawutiyo. Pa M12x1.5 ndiye kuti mamilimita 12, omwe ndi maulendo 8 ozungulira. Nati akalimba atangozungulira maulendo 4, musayende nayo galimotoyo. Bawuti wotalikitsa nayenso ndi vuto, pakuti amatha kukhula zitsulo za handibuleki mkati.

Pa kamangidwe, chonde abale, tisiye kuika paipi ku sipanala n'kukwerapo. Corolla zambiri zimafuna 103 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira), Golf zambiri 120 Nm. Munthu wa makilogalamu 70 akaima kunsonga kwa sipanala yotalika theka la mita, waika pafupifupi 340 Nm, kuposa katatu muyeso wa Corolla. Bawuti wotere amatamuka mpaka osabwereranso. Mukamuchotsa n'kumuyang'ana pa kuwala, mudzaona kuti pakati pawonda ngati khosi la botolo, ndipo mazinga a pamenepo atalikirana. Ameneyo ngofunika kutaya, pamodzi ndi anzake a pa tayala lomwelo, chifukwa onse anazunzidwa mofanana. Gwiritsani ntchito torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), mangani modumphitsa mabawuti osati motsatana, mazinga akhale oyera ndi ouma pokhapokha buku la galimoto litanena zina. Girizi amachititsa kuti bawuti akokedwe kwambiri pa muyeso womwewo. Palani dzimbiri pankhope ya habu musanabwezere tayala, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yezaninso. Mukaona timizere ta dzimbiri tochokera pa nati kulowera kunja kwa limu, kapena mabowo a limu ayamba kuoneka ngati atalika mbali imodzi, dziwani kuti tayala lakhala likugwedezeka.

Tibwere ku mabuleki. Ngati galimoto yanu imatha kuyambitsa ABS (chida choletsa matayala kuuma n'kuterereka) mukaponda mwamphamvu, ndiye kuti mabuleki ali kale ndi mphamvu yoposa imene matayala angathe kugwira pa msewu. Disiki yaikulu siifupikitsa kwenikweni mtunda woimira pa kuponda kumodzi kwadzidzidzi. Chimene chimafupikitsa ndi tayala labwino, la mapazi okwanira ndi mpweya woyenera. M'maiko ambiri malire a lamulo a kuya kwa mapaziwo ndi mamilimita 1.6, koma pa msewu wonyowa tayala limayamba kufooka lisanafike pamenepo.

Phindu la mabuleki akuluakulu lili pa kutentha. Buleki imasandutsa liwiro kukhala moto, ndipo liwiro likawirikiza kawiri motowo umawirikiza kanayi. Amene amakoka ngolo, kunyamula katundu wolemera, kutsika mitsetse yaitali kapena kuthamanga pa mpikisano, amenewo nkhawa yawo ndi yomveka. Komabe ngakhale iwo ndingawalangize kuyamba ndi mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. Mafuta a mtundu wa DOT 4 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa chinyezi muyeso wake umatsikira ku 155. Akawira amapanga mpweya m'mapaipi, ndipo phazi limangomira pansi galimoto osaima. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati muziwasintha zaka ziwiri zilizonse. Samalani ndi DOT 5: ndi wa silicone ndipo sasakanizidwa ndi DOT 3, DOT 4 kapena DOT 5.1, ngakhale mainawo akufanana.

Kenako mapadi. Gulani a kampani yodziwika, ndipo ngati pabokosi pali chizindikiro cha ECE R90 ndiye kuti anayesedwa kuti asasiyane kwambiri ndi amene anabwera ndi galimoto. Mapadi a mpikisano pa galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku ndimawakana, chifukwa ambiri amagwira bwino akatentha, pamene mwana akadumphira mu msewu m'mawa mabuleki amakhala ozizira. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Disiki ili ndi muyeso wa kupyapyala kwake wodindidwa m'mbali, ikadutsa pamenepo musaisemenso. Madisiki obowolabowola otchipa amakonda kuyamba ming'alu pa mabowo omwewo.

Ngati mwachita zonsezi koma mabuleki akutenthabe, gulani seti yaikuluyo, koma ikhale yopangidwira galimoto yanu yeniyeniyo. Caliper yotoledwa ku galimoto ina yaikulu ikhoza kufuna mafuta ochuluka kuposa amene master cylinder yanu (pampu imene phazi limaponda) imakankha, phazi n'kumapita patali lisanagwire. Ikhozanso kusokoneza kagawidwe ka mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, kamene ABS inakonzedwera. Onetsetsani kuti caliper ikukwana m'limu popanda kukhula, ndipo ngati disiki yatsopanoyo ndi yokhuthala pakati pomwe imakhalira pa habu, werenganinso maulendo amene nati akuzungulira asanalimbe.