Mpanda ndi madzi pa famu ya ku Limpopo

Nkhani yanu ya famu yaikulu yosakirako nyama yomwe ikugulitsidwa m'chigawo cha Limpopo ku South Africa yatamanda kwambiri nyumba zogona alendo ndi dziwe losambiramo, koma za mpanda ndi madzi mwangozidutsa, pomwe mtengo weniweni wa malo otere wagona pamenepo. Ku South Africa, kuchokera pomwe lamulo la Game Theft Act linakhazikitsidwa mu 1991, nyama zakutchire zimakhala za mwini malo ngati wazitchingira mokwanira ndipo boma lamupatsa chikalata chotsimikizira zimenezo. Ngoma ndi ntchefu zimadumpha mpanda wa ng'ombe mosavuta, choncho waya wa mpanda wa famu yotere amafika pafupifupi mamita 2.4, ndipo njiri zimakumba pansi pake, moti antchito amayendera mpandawo pafupipafupi kutseka maenje.

Alenje ambiri amabwera m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pomwe udzu wauma ndipo nswala zimaunjikana pomwera madzi. Ndikanakhala wogula, ndikanayamba ndafunsa kuti mijigo ilipo ingati komanso imatulutsa madzi ochuluka bwanji mu Okutobala, mvula isanagwe.