Mukuwotcha mapampu ndi manja anu

Sabata yathayi pampu yaikulu yapsa pa fakitale ina ku Makata, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Mmisiri wina anatopa ndi flow switch, siwichi yozimitsa mota madzi akasiya kuyenda m'paipi, imene inkazimitsa mota pafupipafupi, ndiye anailumphitsa ndi kawaya kuti pampu izingozungulira. Usiku thanki inauma, seal yotchinga madzi kuti asadonthe m'pampu inang'aluka ndi kutentha, ndipo pofika m'mawa m'chipinda monse munali fungo la labala wopserera.

Kodi ife okhala mu Blantyre muno tichite kuuzidwa kuti madzi amasiya? Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire n'kukwezedwa ndi mapampu kudzera ku Chileka, kotero magetsi akavuta kumeneko mipopi imauma kuno. Nanga mukachotsa chipangizo chimene chimadziwa kuti m'paipi mulibe madzi, mukudalira ndani? Mlonda wa pageti? Ena mumati overload, chipangizo chozimitsa mota ikamakoka magetsi ochuluka, iteteza, chonsecho pampu yopanda madzi imapepukidwa n'kumakoka magetsi ochepa, ndipo overload yanuyo imangokhala chete seal ikupsa.

Siwichi ikamazimitsa mota, pitani mukatsegule sefa ya paipi yokokera madzi muone matope ndi zidutswa za majumbo zimene zadzaza m'menemo, kapena muone ngati foot valve, valavu ya kumapeto kwa paipiyo yoletsa madzi kubwerera, sikubweza madzi. Koma ayi, zimenezo n'zotopetsa. Wina amatseka valavu yotulutsira madzi n'kupita kukadya nsima pampu ili chizungulire, madzi n'kumawira m'kati mwake. Wina amapana valavu ya kokokera madzi kuti achepetse mphamvu, pampu n'kumalira ngati ikugaya miyala, iye n'kumati ndi mmene imalirira, pamene impeller yokankha madzi m'kati mwa pampu ikudyeka. Munaphunzira kuti ntchito yotereyi, ana inu?

Nanunso mabwana simungathawe mlanduwu. Amisiri akakupemphani flow switch yatsopano, kapena ka timer koti siwichi idikire pang'ono madzi asanayambe kuyenda mota ikangoyatsidwa, mumayankha kuti ndalama palibe. Pampu ikapsa, ndi kuvuta kwa ndalama zakunja masiku ano, mumadikira seal ndi mabering'i kuchokera ku Johannesburg ntchito itaima, kenako n'kudula malipiro a mnyamata amene anagona pantchito usikuwo, ngati kuti ndiye anakana kugula zipangizo. Umenewu ndi umbombo, ndipo muuleke.